Pikapu yodyeka ndi dzimbiri: momwe tinaikonzera ndi kuipenta pa ndalama zochepa

Galimoto ya mu lipoti lino ndi pikapu ya dizilo yonyamula tani imodzi, yopangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Eni ake ndi bambo ena achikulire amene amanyamulira katundu wa bizinesi yawo. Injini, giyabokosi ndi mabuleki zinali bwinobwino, chifukwa bambowa sipanala amaidziwa ndipo sevisi sadumphitsa. Chimene chinawabweretsa kwa ine ndi matuza amene anayamba kutuluka pa penti, m'munsi mwa chitseko cha dalaivala ndi m'mphepete mwa madigadi akumbuyo. Anali atafunsa kale kugalaja ina mtengo wokonza bodi yonse ndi kuipopera penti, koma ndalama imene anali nayo sinkafika ngakhale theka. Tinagwirizana kuti ntchito yambiri azigwira okha pakhomo pawo kumapeto kwa sabata, ine ndiziwatsogolera ndi kugwira zokhazo zofuna kuwotcherera. Ndikulembera amisiri anzanga a bodi ndi penti, chifukwa anthu otere timakumana nawo kawirikawiri, ndipo tikangowabweza amakagula chitini cha filler, phala lomatira ndi kusalazira bodi, n'kumata pamwamba pa dzimbiri.

Zimene ndinapeza

Matuza aja ndinayamba ndawasiya, ndinalowa kunsi. Pa galimoto ya chasisi, felemu ya zitsulo imene bodi imakhalapo, funso loyamba ndi lakuti chasisiyo ili moyo kapena ayi, pakuti ikadyeka pamene pamangidwa masipuling'i kapena pa mabulaketi ogwira kabini, kupenta n'kutaya ndalama. Tinatsuka matope ndi payipi ya madzi, makamaka m'kati mwa zitsulo ziwiri zazitali za chasisi momwe dothi limaunjikana n'kumasunga chinyezi. Kenako ndinagogoda ndi hamala yaing'ono kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira momveka, chodyeka chimalira mobanika n'kumagwetsa makoko. Iyi inali ndi dzimbiri lapamwamba lokha, sikuludiraiva sinalowe paliponse. Apa m'pamene ndinavomera kuti ntchito tiyambe.

Nkhani inali pa bodi. Ndinakulunga maginito m'kansalu n'kumawayendetsa pang'onopang'ono m'mbali monse. Pachitsulo chokhala ndi penti yekha amakakamira, pamene pali filler wochindikala amafooka kapena kugwa kumene. Pa madigadi akumbuyo akumanja anagwa. Titapala ndi grinder tinapeza filler wopitirira mamilimita 10, pansi pake pali kasefa ka waya kotchinga bowo la masentimita pafupifupi 12. Amene anamata kalelo dzimbiri sanalidule, anangoliphimba. Filler wa polyester amamwa madzi, ndiye bowo likakhala lotseguka kuseri, madzi otayidwa ndi tayala amamunyowetsa mvula iliyonse. Chitsulo chozungulira chimapitiriza kudyeka, ndipo popeza dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, limakankhira filler ndi penti kunja. Thuza likamaonekera, kuseri zinthu zinaipa kalekale.

Titachotsa zophimba zam'kati mwa zitseko tinapeza timabowo totulutsira madzi tam'munsi titatsekeka ndi dothi ndi penti wakale. Madzi amalowa m'chitseko chilichonse kudzera pagalasi, ndi momwe zinapangidwira, bola atulukire pansi. Cha dalaivala chinali chitabooka malo awiri pamsoko wam'munsi, chinzakecho chinali ndi dzimbiri koma chosabooka. Choikapo batire chinali chitadyeka ndi asidi. Pansi pa bodi yonyamulira katundu panali pofiira ponseponse chifukwa penti anatha n'kukhulidwa ndi katundu, koma chitsulo chake n'chochindikala, chinangochita timaenje. Msoko wakutsogolo, pamene pansi pa bodiyo pamakumana ndi khoma loyang'anizana ndi kabini, unali utatupa pang'ono.

Pamapazi a dalaivala ndiye panali poipitsitsa. Titanyamula mphasa ya labala ndi chinsalu chaubweya chimene chimakhala kunsi kwake, chitsulo chinkanyenyeka ndi zala. Eni galimoto sankadziwa n'komwe.

Pomaliza ndinanyowetsa kansalu ndi thinner wa cellulose n'kukagwiriza pa penti kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, malo osiyanasiyana. Padenga ndi pa boneti penti sanasinthe, anali wa kufakitale. Mbali yakumanja anafewa n'kumatirira kukansalu, kusonyeza kuti kunapakidwa penti wina wosalimba nthawi imene ankamata filler uja. Penti wofewa chonchi satsala pansi pa watsopano. Mbali yonseyo inayenera kupalidwa mpaka tipeze penti wa kufakitale kapena chitsulo.

Ndalama ipite kuti

Apa tinasiyana maganizo. Iwo ankafuna penti wa 2K, wosakaniza ndi mankhwala omulimbitsa otchedwa hardener, wonyezimira, wobiriwira moderako, ndipo anali atabwereka kale kompuresa ya malita 24 ndi gani yopoperera. "Amisiri, ine ndikufuna anthu aziti ndagula ina," anatero akuseka. Ndinati, "Bambo, tiyambe tagula chitsulo ndi primer. Zikatsala ndiye tione penti amene zingakwanitse."

2K ndinamukana pa zifukwa ziwiri. Hardener wake ali ndi isocyanate, mankhwala amene munthu akamawapuma mu nkhungu ya penti amayambitsa mphumu, ndipo thupi likayamba kudana nawo nthawi zambiri silibwereranso mwakale. Masiki ya fumbi siteteza. Wopopera 2K amafunika masiki yolandira mpweya wabwino kudzera m'payipi, ndi malo otsekedwa otulutsira mpweya woipa kutali ndi anthu. Pakhomo pokhala ana ndi anthu oyandikana nawo nyumba zimenezi palibe. Chachiwiri, kompuresa ya malita 24 singadyetse gani yopoperera ya mtundu wa HVLP, imene imafuna mpweya wa malita pafupifupi 300 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Mphamvu imatsika munthu asanamalize chitseko, penti amatuluka wokhakhala, kompuresa imatentha n'kuyamba kutumiza madzi m'payipi.

Tinasankha penti wamafuta wa enamel ya alkyd, wopaka ndi roller yaing'ono ya siponji yolimba. Zoipa zake ndinawauziratu: amatenga milungu ingapo kuti alimbe kwenikweni, safika pa 2K kunyezimira, amatuwa msanga padzuwa, ndipo dizilo amamudetsa. Ubwino wake pa galimoto yantchito ndi wakuti ikakalika, mwini wake amakwecha pamenepo n'kupakapo ndi bulashi, basi. Za mtundu ndinawanyengerera kuti tibwerere ku woyera umene galimoto inabwera nawo. Mtundu wakuda uliwonse umaulula kabampu kalikonse ka munthu wophunzira kusalaza filler, pamene woyera umabisa. Komanso m'mafelemu a zitseko, m'kabini ndi m'chipinda cha injini munali kale moyera, ndiye sitinafunike kupentamo.

Pamene ndinakana kuumira ndi pa primer, penti woyamba wopaka pachitsulo. Tinagula ya epoxy, yosakaniza mbali ziwiri. Chifukwa chake chinali kagwiridwe kawo ka ntchito. Munthu wogwira Loweruka lokha amasiya galimoto sabata yathunthu, ndipo chitsulo chopalidwa chimayamba kufiira m'maola ochepa kukakhala chinyezi. Primer wamba yotuwa ija imalowa madzi, moti dzimbiri limamera pansi pake iyo ikuoneka bwino. Epoxy imatseka chitsulo, imatha kudikira, imapakika ndi bulashi kapena roller, ndipo nthawi zambiri ilibe isocyanate, ngakhale pepala la wopanga liyenera kuwerengedwa ndithu. Imayabwitsa khungu, choncho magolovesi ndi masiki ya makatiriji ogwira nthunzi ya mankhwala zinalowa pa mndandanda wa zogula penti asanalowepo. Pa grinder ndinawauza kuti azivala masiki ya P3, yosefa fumbi losalala kwambiri, ndi magalasi, ndipo penti wakale azimukwecha ndi madzi pamene zingatheke, chifukwa penti wina wakale amakhala ndi mtovu.

Madzi ankachokera kuti

Eni galimoto ankafuna tidule pansi pa kabini tsiku lomwelo. Ndinawaimitsa chifukwa panali chinthu chimodzi chosagwirizana. Kunsi kwa galimoto phula loteteza la kufakitale linalipobe, losang'ambika, kupatula pamene panabooka penipenipo. Dzimbiri lonse linali pamwamba, m'kati mwa kabini. Akanakhala madzi a mumsewu, kunsi ndiko kukanayamba kuonongeka. Madziwa ankachokera kumwamba, n'kumamwedwa ndi chinsalu chaubweya chija, mphasa ya labala n'kumawatsekera kuti asaume.

Zoti tizikayikire zinalipo zingapo. Hita ikamadontha, madzi a mu radiyeta amatsika ndipo m'kabini mumamveka kafungo kotsekemera. Apa madzi sankatsika. Mafuta a mabuleki kapena a kilatchi akamachucha pa masita silinda amasenda penti pakhoma la kutsogolo kwa mapedulo. Penti wa pamenepo anali bwino. Zinatsala ndi malabala a chitseko, ngalande ya m'munsi mwa mawayipa, ndi galasi lakutsogolo.

Iwo analowa m'kati ndi tochi, mutu pansi pa dashibodi, ine panja ndi payipi yotuluka madzi mofatsa. Poyesa chonchi muziyambira pansi kukwera m'mwamba, n'kumakhala mphindi zingapo pamalo amodzi. Mukayambira padenga paliponse pamanyowa nthawi imodzi, osadziwa kuti alowera pati. Pachitseko m'kati munali mouma. Pangalande ya mawayipa chimodzimodzi. Nditafika pakona yam'munsi ya galasi, mbali ya dalaivala, panapita kanthawi ndithu kenako ndinamva, "Amisiri, imani pomwepo, akutsika ndi chipilala!"

Galasi lake ndi lija logwidwa ndi labala, osati lomata ndi guluu. Labala anali atauma n'kufupika m'makona, ndipo wina anali atathirapo silicone kuti atseke. Galasi lakale limasweka msanga mukalikankha, ndiye popeza labalayo tinali titamutaya kale, tinangodula mlomo wake ndi mpeni n'kunyamula galasi mosavutikira. Pansi pake mpata wokhalamo galasi unali utabooka mzere wa masentimita pafupifupi 8. Silicone wa m'nyumba, wonunkha ngati viniga uja, amatulutsa asidi akamauma, ndipo akasomphoka pang'ono amasunga madzi pachitsulo m'malo mowatchinga. Penti sagwiranso pamene iye wakhudza. Tinamupala ndi mpeni n'kutsuka ndi mankhwala ochotsa mafuta tisanayandikizepo sandipepala, chifukwa kukwecha kumangomumwaza, kenako amadzatulukira ngati timaso pa penti watsopano.

Tikanangowotcherera pansi n'kubwezeretsa mphasa, chigamba chatsopano chikanagona m'madzi omwewo kuyambira mvula yoyamba, ndipo eni galimoto akanati amisiri anaika chitsulo chachabechabe. Kutseka bowo la pansi madzi akulowabe kumwamba kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudontha. Kupeza kumeneku kunasinthanso bajeti. Labala watsopano wa galasi sanali pa mndandanda, ndiye ndalama imene anasungira magalasi am'mbali atsopano ndi zomatamata zokongoletsa inapita kumeneko. Anadandaula, koma anali ataona okha madzi akutsika.

Kudula ndi kuwotcherera

Paliponse pobooka tinadula kupitirira malire a dzimbiri ndi masentimita awiri kapena kuposa, mpaka mphepete mwake muoneke chitsulo chowala cha kuchindikala kwake konse. Bowo limakula kuposa momwe mwini galimoto amayembekezera, ndipo apa mmisiri asachite chisoni. Zigamba tinadula ku boneti yakale ya galimoto ina yophwasulidwa, chitsulo cha pakati pa mamilimita 0.8 ndi 1, chofanana ndi cha bodi. Pansi pa kabini tinaikapo cha mamilimita 1.2. Iwo ankajambula chigamba chilichonse pakatoni, kudula, kupinda pa vayisi ndi kuyesa mpaka chikhale bwino, ine n'kubwera kudzawotcherera. Nthawi yanga yolipiritsa inachepa kwambiri chifukwa cha zimenezi. Anafunsa ngati malata ofolerera nyumba sangachite. Sangachite: ambiri ndi opyapyala kwambiri, ndipo zinki wake akapsa amatulutsa utsi wodwalitsa, thupi n'kumatentha ngati malungo tsiku limodzi kapena awiri.

Ndinagwiritsa ntchito makina a MIG, owotcherera ndi waya, ndipo waya wake unali wa mamilimita 0.6. Makina owotcherera ndi ndodo amaboola chitsulo chopyapyala chonchi, ndipo gasi amatenthetsa malo aakulu mpaka chitseko kupindika. Ngakhale ndi MIG, mzere wautali sumawotcherera ulendo umodzi. Ndimaika kadontho apa, kena kutali, n'kudikira kuti pazizire mpaka dzanja ligwirepo, kenako n'kumadzaza mipata. Batire tinalichotsa, mapayipi a dizilo ndi mawaya odutsa kunsi kwa kabini tinawasuntha, mipando ndi zinsalu zonse zinatuluka, ndipo eni galimoto ankaima mbali inayo ndi chozimitsira moto, chifukwa phula la kunsi limayaka wowotcherera osaona.

Pa madigadi, pazitseko ndi pampata wa galasi ndinalumikiza chitsulo mlomo ndi mlomo, osasanjikiza. N'zovutirapo, koma chitsulo chosanjikizana chimasiya kampata kamene madzi amalowamo osatulukanso, ndipo malo amenewa ndi onyowa kale. Pansi pa kabini ndinalola kusanjikiza pang'ono, nditapaka primer ya zinki yowotchererapo pakati pake, kenako sealer ya polyurethane, phala lotsekera misoko, mbali zonse ziwiri. Kukada tinkawalitsa tochi kuseri kwa msoko uliwonse. Kabowo kakang'ono ngati nsonga ya singano kamaoneka, ndipo kotere kakatsala kamalowetsa chinyezi mu filler n'kudzutsa thuza chaka chisanathe.

Pansi pa bodi yonyamulira katundu sitinadule. Anapala ndi bulashi ya waya pa grinder, kenako sandipepala yokhakhala ya P80 (nambala ikamakwera, sandipepala imasalala), ndipo m'timaenje mmene bulashi sinkafika tinathiramo mankhwala a asidi wa phosphoric, amene amasandutsa dzimbiri kukhala phosphate wachitsulo, wakuda motuwira. Mankhwalawa anthu amawakhulupirira mopitirira muyeso. Amagwira pa dzimbiri lopyapyala lokha. Pa makoko amangodetsa pamwamba, pansi pali pofiirabe. Komanso asidi wotsalira amalepheretsa epoxy kugwira. Tinatsuka ndi madzi mankhwalawo asanaume, kuumitsa msangamsanga, kukwechanso, n'kupaka epoxy pakamalo kamodzi koyesera. Italimba ndinacheka timizere topingasa ndi lezala, kumatapo tepi n'kuzula mwamphamvu. Sinasendeke, ndiye tinapitiriza.

Msoko wotupa uja ndiwo tinasiya tikudziwa. Kuukonza moyenera kunafunika kutsitsa bodi yonse pa chasisi, kuboola madontho owotcherera a kufakitale, kutsegula msoko ndi kuikapo chitsulo china. Ndalama inali itatha. Ndinawauza mosabisa kuti, "Bambo, apa dzimbiri lili pakati pa zitsulo ziwiri, sitilifikira. Tilichedwetsa chabe, lidzabweranso." Tinapala pamene bulashi inafika, kuthiramo epoxy yosungunula pang'ono kuti ilowerere, n'kutseka ndi sealer pamwamba.

Filler ndi primer

Ndondomeko inali imodzimodzi pa gawo lililonse, ndipo ankamaliza gawo limodzi asanatsegule lina: kutsuka mafuta, kukwecha ndi P80, kupaka epoxy tsiku lomwelo. Filler ankabwera pamwamba pa epoxy yokwechedwa, osapitirira mamilimita 3. Pakafunika wochuluka kuposa apo ndiye kuti chitsulo sichinawongoke, tibwerere ku hamala. Hardener ndi magawo awiri pa 100 alionse a filler. Ophunzira amakonda kuchulutsa kuti aume msanga, koma wochuluka amadzathimbiriritsa penti, makamaka woyera. Ankasakanizira pa kapulasitiki kolimba, osati pakatoni. Posalaza ankakulunga sandipepala pathabwa lalitali, P80 kenako P180, osathira madzi ngakhale pang'ono pa filler. Kenako epoxy inanso pamwamba, kupoperapo penti wakuda pang'ono chabe ngati fumbi, n'kukwecha ndi P320: pamene wakudayo watsala ndiye kuti palowa. Bambowa ndi munthu wodekha manja, ndipo madigadi anatuluka bwino kuposa momwe ndinkayembekezera. Galimoto yonse anamaliza ndi P400.

Kupenta, ndi zimene zinachitika pa boneti

Lamulo la opaka penti pazitsulo ndi lakuti chitsulo chikhale chofunda ndi madigiri 3 kapena kuposa pamwamba pa mlingo umene mame amayambira kugwa, ndipo chinyezi cha mumpweya chisapitirire 85 peresenti. Munthu wapakhomo alibe zoyezera, ndiye ndinawauza kuti aziyamba mame atauma, azigwirira pamthunzi, azisiya dzuwa likadalipo kuti penti agwire kusanazizire, ndipo aziwaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Penti ankamusungunula ndi mineral turpentine mpaka aziyenda mopepuka, moti tithovu ta roller tiziphulika tokha n'kusalala. Thinner wa cellulose ndinawaletsa kumuyandikiza, amakwinyitsa enamel. Penti wopyapyala chonchi amafuna makoti 6 kapena kuposa, ndi kukwecha ndi madzi pa P600 makoti awiri alionse.

Vuto la njira imeneyi ndi lakuti makoti oyambirira amaoneka moipa. Primer imaonekera, mtundu umakhala wamawangamawanga, munthu amayamba kukayika ngati wauzidwa zoona. Tsiku lina m'mawa anandiimbira foni: boneti yachita makwinya. Nditafika anafotokoza okha. Ataona kuti sipakuphimbika, anapaka koti yochindikala ya penti wosasungunula, masana, boneti ili padzuwa. M'mawa mwake pamwamba panali pouma akakhudza, ndiye anawonjezera ina.

Enamel ya alkyd siuma ndi kuuluka kwa turpentine kokha, imalimba pogwirizana ndi okosijeni wa mumpweya, kuyambira pamwamba kutsika pansi. Koti yochindikala padzuwa imachita khungu msanga, khungulo n'kutsekera pansi pakadali pofewa. Koti ina ikabwera, turpentine wake amafufumitsa khungu lija, ndipo popeza pansi palibe pogwira, limakwinyika. Izi sizikwecheka zikadali zofewa, sandipepala imangomata. Tinadikira kuti zilimbe, anapala ndi chopalira, n'kukwecha mpaka pa epoxy, imene inali bwinobwino pansi pake. Ikanakhala primer wamba mwina tikanabwerera pachitsulo. Boneti inayambiranso pa koti yoyamba, ndipo penti amene anatayika pamenepo anachititsa kuti m'kati mwa bodi yakumbuyo mulandire makoti ochepa.

Kwa mmisiri wotsogolera munthu wodzipentera, malangizo apakamwa sakwana pa gawo ili. Mupatseni chitsulo chotayidwa apakepo makoti onse, aone ndi maso ake kuti kuphimbika kumabwera cha pa koti yachinayi kapena yachisanu. Mumuphunzitsenso kuyesa ndi chikhadabo pamalo obisika: chikasiya chizindikiro, penti sanakonzeke kulandira wina, ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Bambowa atangoona boneti ikuphimbika yokha ndi makoti opyapyala, galimoto yonse anaimaliza popanda vuto lina.

Patapita mwezi anakwecha ndi madzi pa P1500 n'kupukuta ndi polishi pamanja. Galasi tinabwezeretsa ndi labala watsopano pogwiritsa ntchito chingwe, n'kuyesanso ndi payipi monga poyamba paja. M'kati munali mouma. Sera yoteteza m'mphako tinapopera m'zitseko, m'zipilala, m'munsi mwa kabini ndi m'kati mwa chasisi penti atatha, osati asanathe, chifukwa sera ikakhudza pamene pakudikira penti, pentiyo sagwira. Iwo ankafuna kuthiramo oyilo wakale wa mu injini. Ndinawaletsa: amachucha n'kutha, amafewetsa malabala, ndipo si wabwino pakhungu. Titapopera tinatokosanso timabowo tam'munsi mwa zitseko kuti sera isatitseke. Choikapo batire anachitsuka ndi soda wosungunula m'madzi kuti asidi afe, asanapake epoxy. Chinsalu chaubweya chija sitinachibwezeretse, anaikamo mphasa yochotseka yokha.

Zotsatira

Galimotoyi ndinaionanso patapita miyezi ingapo, kenako patapita chaka ndi theka, itadutsa m'mvula yambiri ikugona panja. Pansi pa kabini ndi pouma. Pa madigadi, pazitseko ndi m'makona a galasi palibe thuza. Denga ndi boneti zayamba kutuwa monga ndinanenera, koma polishi amabwezeretsa kuwala kwake. Pansi pa chivindikiro cha thanki pali mzere wachikasu wa dizilo umene suchoka. Mukaima patali pang'ono simungadziwe kuti inapakidwa ndi roller. Mukayandikira, pazipilala ndi m'makona mmene sandipepala sinkafika bwino mumaoneka kukhakhala. Anthu sakuti agula ina, koma eni ake akuti ena awafunsapo kuti anapentetsa kuti. Penti wa pansi pa bodi yakumbuyo anakhulika msanga ndi katundu, ndiye anayalapo matabwa otalikirana pang'ono kuti madzi azidutsa, ndipo amapakanso ndi bulashi pamene chitsulo chaonekera.

Dzimbiri la pamsoko wotupa uja linabweranso chaka chitangokwana. Kunayamba kamzere kofiirira kotsika kuchokera pakona yakumanzere, kenako sealer inatukuka pamenepo. Nditabaya ndi sikuludiraiva sinalowe, koma chitsulo chapyapyala. Ulendo uno tagwirizana kutsitsa bodi, kudula msoko wonse ndi kuikapo chitsulo chatsopano chopinda, ndipo bodi ikadzakhala pansi tidzapezerapo mwayi wopala ndi kupaka pamwamba pa chasisi ndi kumbuyo kwa kabini, malo amene poyamba manja sankafika. Mabawuti ogwira bodiyo anauma ndi dzimbiri, ndiye panopa akumawathira mafuta olowerera sabata iliyonse kuti tsikulo asadzaduke.